Zolinga za chaka chatsopano: mafunso ndi mayankho

Disembala akamapita kumapeto, mafunso a zolinga amabwera okha. Ena amafunsa potuluka ku mapemphero a usiku wolowera chaka, ena tsiku logawana ndalama ku banki mkhonde, ena ndi achinyamata amene alemba mayeso a Folomu 4 koma sakudziwa kolowera. Mafunso ake sasintha kwenikweni, ndiye tawaika pamodzi pano. Oyambirira ndi apafupi. Akumapeto akufuna kuti mukhale pansi ndi kope ndi cholembera.

Ndanena kuti chaka chino ndikufuna zinthu zindiyendere bwino. Kodi chimenechi si cholinga?

Ndi chikhumbo chabwino, koma sichikukuuzani chochita Lolemba m'mawa. Cholinga chimayankha mafunso atatu: chiyani, chochuluka bwanji, pofika liti. Munthu atha kunena kuti "ndikufuna kumanga nyumba" kwa zaka khumi osaumba njerwa ngakhale imodzi. Koma akati "pofika Okutobala ndikhale nditagula malata 20," wayamba kale kumanga, chifukwa akagawa apeza kuti ndi malata awiri pamwezi, ndipo mtengo wake atha kukaufunsa kusitolo lero lomwe.

Chinanso, sankhani zimene zili m'manja mwanu. Kukwezedwa pantchito kuli m'manja mwa abwana, koma kumaliza maphunziro amene angakuyenerezeni kukwezedwako kuli m'manja mwanu. Kukwatiwa chaka chino sikudalira inu nokha. Mukamanga chaka chanu chonse pa chisankho cha munthu wina, mudzadziimba mlandu pa chinthu chimene simunalakwe.

Ndikhale ndi zolinga zingati?

Ziwiri, zikachuluka zitatu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndalama yanu ndi imodzi yomweyo, nthawinso ndi yomweyo, ndiye zolinga khumi zimangolandana chakudya mpaka zonse kufa. Lembani zonse zimene mukulakalaka, kenako dzifunseni kuti ndi chiti chimene chikatheka chipepukitsa zinazo. Kwa ambiri chimakhala kutuluka m'ngongole. Zotsalazo musazitaye, zisungeni kumapeto kwa kope kuti zidikire nthawi yake.

N'chifukwa chiyani zolinga zambiri zimafa Febuluwale asanathe?

Ambiri amadzinena kuti ndi aulesi, koma nthawi zambiri vuto ndi kalendala. Kuno kwathu Januwale ndi mwezi wolemera kuposa yonse. Malipiro a Disembala ambiri amalandira msanga, amathera ku Khirisimasi, ndiye mwezi wotsatira umatalika. Teremu yachiwiri imatsegulira, ndipo fizi, yunifolomu ndi makope zonse zimafuna ndalama nthawi imodzi. Kumunda kumafunika feteleza wobereketsa ndi aganyu opalira. M'nkhokwe chimanga chimakhala chatha kapena chatsala pang'ono, pamsika mtengo wake umakhala wokwera mpaka chatsopano chitacha. Malungo nawonso ndi nyengo yake.

Tsono taganizirani munthu amene walonjeza kuti kuyambira Januwale azisunga K50,000 pamwezi. Wadziikira mayeso ovuta pa mwezi umene thumba lake ndi lofooka kuposa nthawi ina iliyonse. Akalephera amati, "Ine zosunga ndalama si zanga," n'kusiya chaka chonse, pamene mu Meyi kapena Juni akanatha bwinobwino. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa munthuyo sanalephere ayi, anangoyamba pa nthawi yolakwika ndi muyeso wolakwika.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti anthu amalemba zimene akufuna koma osalemba nthawi ndi malo ochitira. Katswiri wa maganizo a anthu, Peter Gollwitzer, anasonyeza m'kafukufuku wake kuti munthu amene wanena kuti "chakuti chikachitika, ndichita chakuti" amakwanitsa kawirikawiri kuposa amene wangokhala ndi chikhumbo. Choncho m'malo monena kuti "ndiziwerenga kwambiri," nenani kuti "ndikangotha kudya madzulo, ndizitsegula buku mpaka 9 koloko." M'malo mwa "ndizisunga ndalama," nenani kuti "malipiro akangolowa, ndisanachoke pa ejenti, K10,000 izipita ku gulu."

Ndiye ndiyambe liti? Kodi n'zofunika kuyamba pa 1 Januwale?

Ayi. Ngakhale boma la Malawi chaka chake cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo. Mlimi chaka chake chimayamba ndi mvula yodzalira, mwana wa sukulu chimayamba ndi teremu yoyamba. Inunso yang'anani kuti ndalama ndi nthawi zimakupezani liti.

Mu Januwale ndi Febuluwale yambani zolinga zosafuna ndalama: kulemba chilichonse chimene mwagula, kuyenda pansi, kuwerenga, kukayezetsa magazi, kupepesana ndi m'bale amene munasemphana naye mawu. Za ndalama yambani ndi kachepe kwambiri, kongokuzoloweretsani dzanja, kenako mukweze zokolola zikayamba kulowa. Jambulani mabokosi 12 pa tsamba limodzi, m'bokosi lililonse mulembe zolipira zazikulu za mwezi umenewo: fizi katatu pachaka, zipangizo za ulimi, maukwati ndi zinkhoswe za m'chilimwe, Khirisimasi kapena Eid. Mukatero muona nokha miyezi yopuma ndi miyezi yothina.

Kodi n'kofunikadi kulemba? Zonse ndimazisunga m'mutu.

Lembani. M'mutu cholinga chimasinthasintha osakuuzani: mumayamba ndi malata 20, pofika Juni mumakhala mukukumbukira kuti munati 10. Kope wamba la ana asukulu ndi lokwanira. Foni nayonso ndi yabwino, koma foni imabedwa, imagwa m'madzi, ndipo mukaitsegula kuti mulembe mumapezeka muli pa Facebook.

Ndikufuna kusunga ndalama koma malipiro safika n'kumapeto kwa mwezi komwe. Ndiyambire pati?

Yambani n'kudziwa kumene ndalama ikupita. Kwa mwezi umodzi lembani chilichonse: minibasi, kabaza, makala, mayunitsi a magetsi, bandulo, ndiwo, mandasi, za kubetcha mpira ngati mumabetcha. Musasinthe kalikonse mwezi umenewo, muzingolemba. Pakutha pa mwezi ambiri amapeza malo amodzi kapena awiri pamene ndalama imatayikira osaizindikira. Enanso amapeza kuti palibe chowononga chilichonse, ndalamayo ndi yochepa basi. Ngati ndinu mmodzi wa amenewa, cholinga chanu chisakhale kudzimana chakudya, chikhale kupeza njira ina yolowetsera ndalama, kaya ndi kageni, kaya luso latsopano.

Kenako sungani poyamba, osati pomaliza. Amene amadikira zotsala sapeza chotsala. Ndipo musanyoze zochepa: K2,000 pa sabata ndi K104,000 pachaka. Si ndalama yomangira nyumba, koma ikhoza kukulepheretsani kupita kwa akatapila mwana akadwala usiku.

Ndisunge kuti: ku banki mkhonde, pa chipereganyu, pa foni kapena kubanki?

Zimadalira cholinga chake, ndipo pano ndi poyenera kufatsa.

Pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi pabwino kuika ndalama ya zadzidzidzi, chifukwa imapezeka usiku ndi usana. Vuto lake ndi lomwelo: ili pafupi kwambiri ndi chala. Chipereganyu chimathandiza mukafuna ndalama yambiri nthawi imodzi, monga yogulira matiresi kapena mpamba wa geni, koma sichibala phindu, ndipo wolandira pomaliza ndiye amasenza chiopsezo chonse ena akasiya kupereka. Banki mkhonde imabala phindu kudzera m'chiwongoladzanja cha ngongole, imakhalanso ndi thumba la zadzidzidzi, ndipo imakukakamizani kuponya masheya sabata iliyonse chifukwa anzanu akukuonani. Koma musanalowe funsani malamulo: ndalama amasunga ndani, makiyi ali ndi angati, amene walephera kubweza amatani naye, ndipo kodi membala aliyense amakakamizidwa kukongola? Magulu ena amakakamiza, ndiye munthu amatenga ngongole imene samaifuna n'kuidya. Funsaninso mwezi wogawana. Ndalama yogawidwa sabata ya Khirisimasi nthawi zambiri siona Januwale. Gulu logawana mu Okutobala kapena Novembala, nthawi yogula mbewu ndi feteleza, limathandiza mlimi kwambiri. Amene ali pantchito yolembedwa angaganizenso za SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama), makamaka yomwe imadula ndalama pa malipiro munthu asanaigwire.

Pali chinanso chimene sitingachibise. Kwacha imagwa. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama ya malata m'bokosi anapeza kuti ikugula malata ochepa kuposa amene anawerengera. Choncho ngati cholinga chanu ndi katundu wosawonongeka, monga malata, mafelemu a mawindo kapena makina osokera, muzigula pang'onopang'ono ndalama ikakwana chimodzi. Simenti yokha musaisunge miyezi yambiri, imauma. Ndipo aliyense wokulonjezani kuti ndalama yanu iwirikiza pa sabata ziwiri mukangobweretsa anzanu atatu, muthaweni.

Ndili ndi ngongole. Ndiyambe kubweza kapena kusunga?

Ngati ndi ya katapila, bwezani kaye. Palibe gulu kapena banki imene ingakupatseni phindu lofanana ndi chiwongoladzanja chimene katapila amadya pamwezi. Lembani ngongole zonse, ngakhale za pa okala ndi za kwa alamu anu, ndipo pambali pa iliyonse mulembe chiwongoladzanja chake. Yambani ndi yoluma kwambiri. Ena onse musawathawe: pitani mukawauze mwezi umene mudzayambe kuwapatsa, ndipo mawuwo muwasunge.

Komabe kandalama kochepa ka zadzidzidzi, kamene tatchula pamwambapa, kasungeni ngakhale muli m'ngongole. Popanda iko, vuto loyamba lomwe lidzakubwezerani kumene mwachoka.

Ndikangosunga kenakake kumudzi kumagwa vuto. Ndikane achibale?

Funso ili limabwera ndi ululu, ndipo yankho lake si kukana. Maliro, matenda ndi fizi ya mwana wa mlongo wanu si zosokoneza mapulani, ndi mbali ya moyo wathu, ndipo tsiku lina ife tomwe tidzafuna kunyamulidwa. Cholakwika ndi kukonza bajeti ngati kuti zimenezi sizidzachitika. Ikani mzere wa "kumudzi" m'bajeti ya mwezi uliwonse. Ikatha ya mwezi umenewo, mutha kunena mwaulemu kuti, "Amalume, mwezi uno ndathina, ndikwanitsa mwezi wamawa," mtima uli m'malo chifukwa simukunama.

Ngati muli angapo m'banja amene mumapeza kangachepe, khalani pansi mu Januwale mugawane: uyu fizi, uyu feteleza wa amayi, uyu thumba la maliro limene aliyense aziponyamo. Katundu akagwera munthu mmodzi chaka ndi chaka, chikondi chimasanduka mkwiyo.

Ine ndine mlimi, ndalama ndimaiona kamodzi pachaka. Zolinga za mwezi ndi mwezi zindithandiza bwanji?

Zanu muziyeza ndi matumba ndi nyengo. Cholinga choyamba cha mlimi chikhale chakuti chakudya chifike Malichi wa chaka chamawa. Werengani kuti banja lanu limadya matumba angati a makilogalamu 50 pamwezi, muchulukitse ndi 12, muwonjezere a maliro ndi alendo. Matumba amenewo asagulitsidwe, kaya mavenda abwere ndi sikelo pakhomo. Zimapweteka kuona munthu akugulitsa chimanga motchipa mu Meyi n'kudzachigulanso modula mu Januwale. Chisungeni bwino, chouma, m'matumba a PICS (osalowa mpweya) kapena chothira mankhwala a anankafumbwe.

Chachiwiri, ndalama ya zipangizo za chaka chamawa ichoke pa zogulitsa zoyamba, osati zomaliza. Alimi a fodya amene amagulitsa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu amadziwa mmene ndalama ya msika imasungunukira munthu asanafike n'kunyumba komwe. Gwirizanani ndi akunyumba kwanu za kagawidwe kake isanalowe. Musamange chaka chonse pa chiyembekezo cha feteleza wotsika mtengo. Akabwera zikomo, koma manyowa yambani kupanga mukangokolola, mapesi akadalipo. Amene ali ndi dimba, miyezi ya chisanu ndi chilimwe ndiyo ingamupatse ndalama yachiwiri.

Ndikufuna kuchepetsa thupi ndi kusamala thanzi, koma ndalama ya jimu ndilibe.

Jimu si yofunika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 masiku asanu. Kuyenda ndawala kukuwerengedwa, kupalasa njinga ndi kulima nazonso. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike. Bungwe lomwelo limati mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Chepetsani shuga wa mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera, onjezerani masamba pambale.

Koma cholinga choyamba cha thanzi, makamaka mukapitirira zaka 40, chikhale kukayezetsa BP ndi shuga. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka pena paliponse mpaka tsiku limene munthu wagwa. Amene ali kale pa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, cholinga chabwino koposa ndi kusadumphitsa tsiku ndi kusaphonya tsiku la kuchipatala.

Nanga kusiya mowa kapena fodya?

Apa lonjezo lokha silikwanira, chifukwa chimene chimakukokani ndi malo, nthawi ndi anzanu. Ngati Lachisanu lililonse mukaweruka mumadutsa pa bala yomweyo, sinthani njira ndipo mupeze chochita pa ola limenelo, monga tafotokozera pa funso la zolinga zofa mu Febuluwale. Tsiku la malipiro musayende ndi ndalama yonse.

Chenjezo lofunika: munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene amanjenjemera m'mawa akapanda kumwa, asasiye mwadzidzidzi payekha. Atha kukomoka kapena kusokonezeka mutu, ndipo zimenezi zimapha. Ayambe wakaonana ndi achipatala. Palibe chochititsa manyazi pamenepa.

Ndinamva kuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. N'zoona?

Si zoona kwa anthu ambiri. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66, ena 18 okha, ena mpaka 254, malingana ndi munthu ndi chinthu chimene akuphunzira. Anapezanso kuti kudumphitsa tsiku limodzi sikunawononge chizolowezicho. Choncho mukaona kuti patha mwezi koma kudzuka m'mamawa kukadali kowawa, palibe chalakwika.

Ndiuze anthu zolinga zanga kapena ndibise? Ena amati anthu ansanje amatchinga mwayi.

Simukuyenera kulengeza kwa aliyense. Kuika pa WhatsApp kuti chaka chino mugula galimoto kumabweretsa zinthu ziwiri: opempha, ndi kukoma mtima kwa kuyamikiridwa musanachite kalikonse, komwe kumafooketsa khama. Koma kubisira aliyense nakonso kumapha cholinga, chifukwa palibe wokufunsani. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, wosaopa kukufunsani kuti, "Achimwene, za malata zija zili pati?" Mugwirizane tsiku lokumana mwezi uliwonse.

Ngati muli pabanja, munthu ameneyu ayambe ndi mkazi kapena mwamuna wanu pa chilichonse chokhudza ndalama za pakhomo. Bambo akamasungira njinga yamoto mobisa pamene mayi akusungira fizi mobisa, onse awiri amaona ngati mnzawo ndi woumira.

Kodi kukonza mapulani si kusakhulupirira Mulungu? Mawa sitilidziwa.

Mawa sitilidziwadi, n'chifukwa chake timati "Mulungu akalola," ndipo abale athu achisilamu amati "Insha Allah." Koma pa Luka 14:28 Yesu yemwe akunena za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti amayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Kupemphera ndi kuwerengera zimayendera limodzi. Chimene ndingakuchenjezeni ndi kutenga mawu olengezedwa usiku wolowera chaka, akuti chino ndi chaka chanu cha nyumba kapena cha ukwati, ngati kuti alowa m'malo mwa ntchito yanu. Pempherani, kenako m'mawa mutsegule kope.

Zolinga zauzimu nazonso zimafuna nthawi ndi malo ake. Nyengo ya Lenti kapena mwezi wa Ramadan zimathandiza ambiri kuyambiranso, chifukwa munthu sakhala yekha.

Sindinakhoze bwino MSCE. Ndibwereze kapena ndiphunzire ntchito yamanja?

Yambani ndi kumene mukufuna kukafika. Ngati ndi kuyunivesite ya boma, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndiye onani kuti mwatsala pati ndipo ndi maphunziro ati akufunika kukonza. Funsani msanga kusukulu za masiku olembetsa mayeso a MANEB, chifukwa amatseka miyezi yambiri mayeso asanafike, ndipo ambiri amataya chaka pa chifukwa chimenechi chokha. Pezani mapepala a mayeso akale ndi anzanu awiri kapena atatu owerenga nawo.

Ngati mtima wanu uli pa ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi, kusoka kapena kumanga, musaone ngati mwatsika. Fufuzani za maphunziro a TEVETA (bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja) ndi makoleji a ntchito zamanja a m'dera lanu, kapena pemphani mmisiri wodziwika kuti muziphunzira pa shedi yake. Cholinga chikhale chooneka: pofika Disembala ndikhale ndikutha kupanga chitseko ndekha, ndili ndi zida zanga zitatu zoyambira.

Ndili ku Joni. Chaka chilichonse ndimatumiza ndalama koma ndikabwera palibe chooneka. Nditani?

Siyanitsani ndalama ya chakudya ndi ndalama ya chitukuko, ndipo musazitumize pamodzi kapena kwa munthu mmodzi. Ya chitukuko izipita pa gawo limodzi lomveka: mwezi uno maziko, akatha ndione zithunzi ndi malisiti, kenako zipupa. Kumene n'kotheka lipirani kusitolo mwachindunji, abale akangotenga katundu. Za malo onetsetsani kuti mapepala kapena umboni wa amfumu uli m'dzina lanu musanathire ngakhale thumba limodzi la simenti. Dziikireninso kenakake komweko: ntchito za kunja zimatha mosayembekezereka, ndipo ndalama ya basi yobwerera kumudzi iyenera kukhalapo nthawi zonse, pamodzi ndi pasipoti yosatha masiku.

Tafika pakati pa chaka ndipo ndatsalira kwambiri. Ndisiye, ndidzayambenso Januwale?

Musadikire Januwale, mwaona kale kuti ndi mwezi wovuta kuyambira. Juni ndi Julayi ndi abwino kuposa iye: chakudya chilipo, misewu yauma, ndalama ikuyenda. Tsegulani kope muone chimene chinachitika. Ngati muyeso unali waukulu, uchepetseni: malata 20 akhale 12. Ngati mitengo yakwera, werengeraninso ndi mitengo ya lero. Ngati munagwa matenda kapena maliro, ndalamayo inagwira ntchito yake, yambirani pamene mwaima.

Nthawi zina mupeza kuti cholingacho sichinali chanu, munangotengera anzanu kapena munafuna kusangalatsa makolo. Chimenecho chifufuteni, m'malo mwake mukweze chimodzi mwa zimene munazisunga kumapeto kwa kope. Kenako sankhani tsiku limodzi pamwezi, monga Lamlungu loyamba madzulo, loti muzikhala mphindi 20 ndi kopelo pamodzi ndi munthu amene munagwirizana naye uja, n'kulemba chochita cha milungu inayi yotsatira.